Diresi Lokana Kugwada

Mukadzafika kwathu cha ku Mongue n'kumva amayi achikulire akundiitana kuti Nachitete, musadzaganize kuti ndi mfunda wathu. Dzinali sindinabadwe nalo. Ndinalipata ndekha tsiku limodzi, pamaso pa mpingo wonse ndi alendo omwe, ndipo lakana kundichoka ngati utomoni wa nthochi pansalu yoyera. Ana anga akafunsa kumene linachokera ndimangowatuma kukatunga madzi. Lero ndati ndingonena, chifukwa amene anaona ndi maso ayamba kutha, ndipo otsalawo akuithira mchere wambiri nkhaniyi.

Chinali chaka chachiwiri titabwerako ku Malawi kumene tinathawira nkhondo. Ndinapita ndili kamwana kogwira nsonga ya nsalu ya anganga, mayi wa mayi anga, ndipo ndinabwerako ndili namwali. Makolo anga sanawoloke nafe malire, ndipo nkhani imeneyo tiisiye pomwepo. Mudzi tinaupeza utasanduka tchire. Pamene panali nyumba tinkapazindikira ndi mitengo ya mango basi. Aliyense anamanga kanyumba kothawira mvula, kotsika, ka khomo longokwana munthu ndi khasu lake. Lamulo linali limodzi, ndipo ngakhale mwana wongoyamba kuyenda ankalidziwa: ponda pamene anzako aponda, chifukwa m'tchire munali mudakali mabomba okwirira. Choncho njira zathu zinali zopapatiza ngati mizere ya m'mutu woluka.

Ine ndinali mwana wosayankhula. Sanali manyazi kwenikweni. Ndinkangoona ngati mawu anagawidwa ine kulibe, n'kunditsalira maso. Ndipo maso angawo ankakonda chinthu chimodzi, zovala. Munthu ndinkatha kumuiwala nkhope koma osaiwala mmene mpendero wa siketi yake unakhotera.

Matendawa ndinawatengera kwa anganga. Anthu ena amawerenga zaka potchula njala kapena dzombe, koma iwo ankawerenga potchula nsalu. Tikamasenda nandolo pakhonde ankayamba okha, fodya ali pamphuno, osandiyang'ana n'komwe.

“Amayi anga ankavala nyanda, iwe. Khungwa la mombo, kulisula mpaka lifewe, n'kulidzoza mafuta a nsatsi. Mvula ikakupeza panjira linkalemera ngati wabereka mwana wa eni. Kenako kunabwera biriwita, yakuda bii, yosiya utoto m'khwapa. Tinkaimanga chilundu, apa,” akutero akumenya pamwamba pa chifuwa. “Ndiye chiuno changa nthawi imeneyo! Mikanda inkachita kuimba yokha. Mayi ako anabadwa chaka chimene mmwenye wa ku Milange anabweretsa makapulana, zitenje zija za maluwa ofiira. Basi tinati tafika. Nkhondo kungobwera, anthu amene anatsala kuno anabwerera ku nyanda ndi masaka. Nsalu ndi mbuzi ya pachingwe, imangozungulira chikhomo.”

(Musaganize kuti anali munthu wa nzeru zakuya. Nkhani iliyonse, kaya inayambira pa maliro, inkathera pa chiuno chawo.)

Koma panali nkhani imodzi imene ikayamba, manja anga ankasiya nandolo. Ali mtsikana, anganga ankachapa ndi kusita kunyumba ya mkulu wa munda wa tiyi, m'munsi mwa phiri la Tumbine. Mkazi wa mkuluyo, amene iwo ankangomutcha Senyora, anali ndi diresi lachikasu. M'chiuno linali lothina ngati mavu, koma m'munsi linkatambasuka ngati belu la tchalitchi. Akamayenda pakhonde mapazi sankaoneka. Ankangoyandama, diresi likulira kuti waa, waa, ngati mphepo m'chimanga chouma. Diresi limeneli linkakula malinga ndi tsiku. Anganga akadzuka ndi msana linkangofanana ndi dengu. Akamwa kathobwa kowawasa linkafika pa nkhokwe.

Ine ndinkaliona paliponse. Ndikamalima, mtambo wa pa Tumbine unkasanduka diresi lija. Ndikamatunga madzi, linkatambasuka m'chitsime. Duwa la dzungu ndinkalitembenuza chozondoka n'kumaliyendetsa pachikhato. Funso limodzi lokha ndi limene sindinafunse: kodi chinkaliimika chotero n'chiyani? Likanangonditengera mpweya umodzi. Sindinafunse.

Tsono pamudzi pathu panali a Dona Rozita, telala yekhayo m'dera lonselo. Makina awo osokera anabwera nawo kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo, mutu wa makina uli pamutu pawo, miyendo yake ili panjinga ya amuna awo. Lamlungu lina atatha mapemphero pansi pa mtengo, anaimirira n'kunena kuti maso ayamba kuwavuta ndipo akufuna mtsikana mmodzi woti amuphunzitse.

“Mmodzi yekha, makina ndi amodzi. Tsiku lodalitsa kapela watsopano, katchalitchi kathu kaja, aliyense wofuna abwere atavala chimene wasoka yekha pamanja. Ndidzaona pomwepo. Za kuti amayi anga ndi anzanu, ayi.”

Kwa atsikana ena imeneyi inali ntchito chabe. Kwa ine linali khomo lokhalo. Ndinalibe munda wanga, ndinalibe mlongo wondiyankhulira, ndipo kunali bambo wina wamasiye wa ku Majaua, wa ana odzaza bwalo, amene anali atayamba kuwapatsa anganga moni wautali kwambiri. Moni wakeyo ankamupereka kwa anganga, maso ali pa mikono yanga ngati akuyesa mpini. Ndinadziwa kuti makina aja akandiphonya, chaka chamawa ndidzakhala ndikusinjira ana a eni ku Majaua.

Mpikisano weniweni unali ndi Jasinta, mtsikana wa mutu wokhazikika amene ngakhale mizere ya m'munda mwake inkakhala ngati yoyezera chingwe. Ndinamva kuti akusoka bulauzi. Mumtima ndinaseka. Bulauzi! Ine ndisoka diresi la Senyora.

Nsalu ndinaipeza pa kalamidade, zovala zakale zothandizira anthu zimene kutsidya ku Malawi amati kaunjika. Tsiku logawa, amayi analimbirana majuzi ndi masiketi, n'kusiya pansi chinsalu chachikulu chachikasu chokhala ndi timphete m'mphepete. Palibe anachifuna chifukwa chinalibe polowetsa mutu. (Patapita zaka ndi pamene ndinadziwa kuti inali katani ya pawindo la anthu ena kutali uko.) Ndinachikumbatira ngati ndapeza m'bale. Singano ndinabwereka ya anganga imene inkakhala pa duku lawo, ulusi ndinkausolola m'mphepete mwa nsalu yomweyo. Masana aliwonse anganga akagona tulo tawo ta pamphasa, ine ndinkakhala kuseri kwa nkhokwe n'kumasoka timisoko ting'onoting'ono ngati mapazi a nyerere. Kulumikiza chapamwamba ndi chapansi sindinkadziwa, choncho ndinasoka kabulauzi kothina payekha, ndi chisiketi cha makwinya ambirimbiri chomanga ndi chingwe m'chiuno. Kwa ine zonsezo pamodzi linali diresi, ndipo musanditsutse.

Nditaliyesa, mtima unagwa. Linangolendewera ngati nkhuku yonyowa. Belu uja panalibe.

Ndinakhala masiku ndikuyang'ana zinthu zonse zozungulira zimene zimaima zokha. Mphika. Mtondo. Ndiye tsiku lina ndikupeta, maso anagwera pa mkombero wa lichero. Nsungwi! Ndinadziona wanzeru kuposa azungu onse a m'munda wa tiyi, chifukwa ndinali nditatulukira chinsinsi chawo popanda wondiuza.

Ndinapita kwa a Bento, mkulu woluka malichero ndi zitete, amene ankandikonda chifukwa ndinkawamvera nkhani zawo osawadula.

“Atsibweni, ndimafuna mikombero itatu. Wina wotere, wina wotere, wina wotere,” ndinatero ndikutambasula manja mokulirakulira.

Anandiyang'ana, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene wamvetsa zonse. “Nkhuku zake zingati?”

Apa m'pamene munthu wa pakamwa akanati, si za nkhuku. Ine ndinangoyang'ana pansi.

“Eya, zilipo ndithu. Mphamba wavuta chaka chino. Usadandaule mwanawe, ndikupangira choti ngakhale galu akhalepo sichiphwanyika.”

Ndipo anasunga mawu awo. Sanandipatse mikombero itatu yapayokha yoti izigwedera. Anailumikiza ndi nsungwi zoimirira, n'kumanga mfundo iliyonse ndi luzi lonyowa lomwe likauma limagwira ngati chitsulo. Pamwamba anasiya chibowo chachikulu choti ndizithirirapo madeya. Chinali chitete chovindikira anapiye, chokongola, chofika m'chiuno mwanga ndendende. Kodi ndinaona vuto? Ayi. Ndinaona kuti Mulungu wandiyankha moonjeza. Ndinachiveka chisiketi chija, n'kusokerera nsalu ku mkombero uliwonse, ndipo chinaima chokha kuseri kwa nkhokwe, chachikasu, chonenepa, ngati dzuwa lagwa pansi osasweka.

Tsiku lodalitsa kapela kunacha ndi chiperoni, nkhungu ili mbuu, kamvula kakungonyowetsa nsidze. Anganga analawira kukathandiza kuphika. Ine ndinalowetsa chinthu changa m'nyumba chopendeketsa, n'kuvala mwaulemu wonse. Mkati ndinavala andiloko yanga, siketi ya m'kati ya saka la chimanga, chifukwa ina ndinalibe. Ndinazungulira kamodzi m'nyumbamo, mitsuko ikugundika, ndikumva ngati pansi pandisiya. Kenako ndinapita pakhomo.

Khomo linakana.

Ndinayesa chammbali. Belu alibe mbali. Ndinayesa chafutambuyo, udzu wa padenga unandigwera m'khosi. Ndinavula, n'kuchitulutsa chogubuduza ngati gudumu, n'kukavaliranso kuseri kwa nkhokwe. M'kuthamangako chingwe cha andiloko chinaduka, ndipo ng'oma ya kukapela inali itayamba kale. Ndinangotenga chingwe cha siketi n'kumangira zonse ziwiri pamodzi, mfundo imodzi. (Mfundo imeneyi muisunge mumtima. Ine sindinaisunge.)

Koma ulendo wa panjira uja, abale, ngakhale lero sindiudandaula. Nkhungu inabisa mapazi anga ndipo ndinayandamadi. Udzu wa mbali zonse ziwiri unkakhudza nsalu n'kumalira kuti waa, waa, monga ananenera anganga. Mitengo ya mango ya pamabwinja inkatuluka mu nkhungu umodziumodzi ngati anthu obwera kudzandiona. Ndinaganiza za akazi onse amene anayendapo m'njira imeneyo, a nyanda, a biriwita, a masaka, ndipo ndinkaona ngati akuyenda pambuyo panga mwakachetechete, akundiperekeza.

Pambuyo panga pankayendadi anthu. Koma sanali chete.

“Kodi kutsogoloko kukuyenda nkhokwe?” anafuula bambo wina, belu la njinga likulira ngiri, ngiri. Anali atanyamula benchi la alendo.

Diresi langa linali litadzaza njira yonse, ndipo linkandilola timasitepe ta nyerere basi. Kupatukira m'tchire kunali kosatheka, kwa ine ngakhale kwa iwo, chifukwa cha mabomba aja. Choncho mudzi wonse wa kumtunda unandandalika pambuyo panga, a mitolo ya nkhuni, a mbuzi, a makanda kumsana.

“Mwana wa ndani ameneyu?”

“Mdzukulu wa a Nambewe, wosayankhula uja.”

“Ndiye lero wayankhula.”

“Mwanawe, mkatimo muli malo? Tikweremo ena, miyendo yatopa.”

Ine khosi lili njo, ngati sindikumva. Senyora akanayankha anthu a panjira?

Kapela anali akununkha dothi lonyowa ndi udzu watsopano. Khomo lake, mwamwayi, analipanga lalikulu poganizira mabokosi a maliro. Amayi onse anakhala pamphasa kumanzere monga mwa nthawi zonse, miyendo atatambasula. Ine ndinayang'ana mphasa, n'kuyang'ana diresi langa, ndipo kwa nthawi yoyamba kamantha kanandigwira. Ndinakaima kumbuyo pakona, Misa yonse. Ena akagwada ine ndinkangoweramitsa mutu ngati munthu wa nyamakazi. Ana aang'ono sanamve ulaliki tsiku limenelo. Mmodzi anakwawa kudzasuzumira pansi, mayi ake n'kumukoka mwendo.

Titatuluka, nkhungu inali itayera ndipo dzuwa linagwera pa nsalu yanga. Ndinaona anganga akubwera kuchokera kumaphikiro, chipande chili m'manja. Ndinakonzeka kukalipiridwa. Iwo anaima, n'kundizungulira pang'onopang'ono. M'maso mwawo munali misozi.

“Ndi lomwelo,” ananong'ona. Kenako anapukuta mphuno. “Laling'ono pang'ono, koma ndi lomwelo.”

Mawu amenewo anandimaliza. Kamantha kaja kanathawa. Ndinaona Jasinta ataima poteropo ndi bulauzi yake yoyera ya manja ofanana bwinobwino, chitenje chili m'chiuno, ndipo ndinamumvera chisoni.

Alendo anakhala pa benchi pansi pa mtengo wa mango. Pakati panali a Padri, wansembe wathu, nkhalamba yofatsa imene inabwera pa njinga yamoto kuchokera ku Milange, ndipo m'mbali mwawo munali akatekisi ndi akuluakulu a mpingo. A Dona Rozita anakhala pamphasa chapafupi, maso awo akuyenda pa mtsikana aliyense ngati tepi yoyezera. Chakudya chitapsa, amayi anayamba kufunsana woti akapereke madzi osamba m'manja.

“Apite wanga,” anatero anganga mokweza. “Alendo aone kuti kuno kwabwerera anthu.”

Anandipatsa beseni. Ndinayandama kudutsa bwalo lonse, madzi osagwedezeka n'komwe, anthu akupatuka okha. Ndinafika pamaso pa a Padri.

Tsono inu mukudziwa kuti kwathu mwana wamkazi sapereka madzi kwa akulu ali chiimire. Zimenezi sumachita kuganiza. Maondo anaphunzira kalekale, mutu usanayambe kulota za madiresi. Ndisanakumbukire n'komwe chimene ndavala, maondo anga anapinda okha.

Mkombero wa m'munsi unagunda pansi n'kuima nji. Chitete cha a Bento sichinapindike ngakhale pang'ono. Ine ndinapitirira kutsika. Chingwe cha m'chiuno chinalimba, chinalira, kenako chinati thu! Ndipo ndinalowa. Ndinamira m'diresi langa ngati kamba m'chigoba, mpaka mutu. Diresi linatsala chiimire, lonyada, lopanda munthu. Kunja kunangotsala mikono iwiri yotulukira pa chibowo cha madeya, itanyamula beseni m'mwamba. Ndipo popeza mfundo inali imodzi, andiloko yanga ya saka inali itagwera m'maondo. Kuimirira sindikanatha, pokhapokha ndikanafuna kuti a Padri adalitse zambiri kuposa kapela.

Ndinene zoona, m'katimo munali bwino. Dzuwa linkalowa kudzera mu nsalu ndipo zonse zinali zachikasu, zofewa, ngati ndakhala m'kati mwa duwa la dzungu lija. Munkanunkhira nsungwi yaiwisi. Phokoso la kunja linkamveka patali ngati la kutsidya kwa mtsinje. Ndinkaona timisoko tanga tonse kuchokera kumbuyo, tili m'mizere, ndi kachiwala kena kamene kanalowa nane kakukwera pa luzi mosafulumira. Ndinaganiza kuti mwina m'mimba mwa mayi mumakhala chonchi, ndipo ndinalakalaka atangondisiya momwemo mpaka anthu onse atakalamba n'kuiwala.

Kunja kunali zii. Kenako ndinamva beseni likulemera pang'ono, madzi akuchita chubwi, chubwi. A Padri, munthu wosafuna kuchititsa mwana manyazi, anali akusamba m'manja ngati palibe chachitika.

“Obrigado, mwana wanga,” anatero mofatsa, “kulikonse kumene uli.”

Akatekisi, posadziwa chochita, nawonso anasamba.

Amene anaswa bata anali a Bento. “Aa! Nkhuku yake ndi imeneyi? Koma ndinanena ine kuti sichiphwanyika!”

Bwalo linaphulika. Ndinamva anthu akugwa pa mabenchi, ena akutsokomola, mayi wina akulira mayo m'Chilomwe kuti nthiti zamupweteka. Anthu amenewo anali atakhala zaka osaseka chotero, ndipo anaseka ngati akubweza zonse tsiku limodzi. M'kati mwa phokosolo wina anafuula kuti, “Nachitete, tuluka, mphamba wapita!” Mpaka lero sindidziwa kuti anali ndani, koma ndikumuganizira Jasinta.

Kenako ndinamva mawu a a Dona Rozita, akuthwa ngati lumo. “Azibambo nonse, yang'anani kuphiri! A Padri, pepani, inunso. Amayi, nsalu!”

Mkazi wa kwathu akapita pagulu amamanga zitenje ziwiri, china pamwamba pa chinzake. Ndinamva zikumasulidwa kuti phwa, phwa, ndipo kuwala kwachikasu kuja kunasanduka kwa mitundumitundu. Anali atandizinga ndi mpanda wa nsalu. Wina anandilanda beseni, awiri ananyamula chitete m'mwamba monga amachitira potsegulira anapiye m'mawa, ndipo ndinapezeka nditagwada pa dothi, saka lili m'maondo. Palibe mayi anaseka sakalo. Ambiri a iwo anali atalivalapo. Anganga anandikulunga chitenje chawo n'kuchimanga chilundu pamwamba pa chifuwa, mfundo yake yolimba ngati akulanga nayo munthu.

“Tiye,” anatero. “Yenda ngati uli ndi kwanu.”

Diresi analitenga a Dona Rozita. M'mawa mwake anandiitanitsa. Ndinawapeza pakhonde atalitembenuza, akulimbana ndi timisoko tanga ndi kampeni, thukuta lili pamphuno. Jasinta anali atakhala kale pa mpando wa makina, phazi lili pa chopondera. Ndinangoona zimenezo n'kudziwa kuti Majaua yayandikira.

“Khala pansi, ngati lero ungathe,” anatero a Dona. “Chiyambire m'mawa ndikumasula chinthu chakochi. Chingwe chinaduka, koma msoko wako ngakhale umodzi sunasunthe. Manja uli nawo. Koma mutu wako uli m'mitambo. Ukusokera ndani? Munthu wosakhala pamphasa, wosalowa m'nyumba, wosagwada? Kuno aliko?”

Ndinapukusa mutu.

“Makina ndapereka kwa Jasinta. Iye akasoka chinthu, munthu amafika nacho kwawo.” Anayang'anitsitsa makwinya anga padzuwa. “Koma ndili ndi mulu uwo wa kalamidade, zovala za anthu aatali ngati mitengo, zofunika kumasula ndisanazichepetse. Maso anga sakuonanso ulusi. Uzibwera uzimasula. Ukadzadziwa mmene chovala chimagwirira munthu, tidzaona za makina.”

Sinali mphoto imene ndinalota, koma inali ntchito, ndipo inandisunga pamudzi. Bambo wa ku Majaua uja analipo pabwalo tsiku lija ndipo anaona zonse. Moni wake kwa anganga anafupika mpaka anangotsala kukweza dzanja ali panjinga. Akuti anauza anthu kuti ana ake ndi ambiri kale, sangawonjezepo wina wofunika kumuvundukula.

Madzulo a tsiku limenelo, tikusenda nandolo, ndinachita chinthu chachilendo. Ndinafunsa funso.

“Anganga, diresi la Senyora lija, nsungwi zake ankamanga bwanji kuti azigwada?”

Anandiyang'ana ngati ndayankhula Chingerezi. “Nsungwi? Munalibe nsungwi mmene muja. Anali maandiloko, iwe, opyapyala ngati ukonde, ambirimbiri, kusanjikiza. Ndinkawaviika m'madzi a chinangwa n'kuwasita ndi simbi ya makala mpaka aume gwa. Manja angawa anapsa nazo zimenezo.”

“Nanga pogwada?”

“Agwadire ndani? Ngakhale kutchalitchi anali ndi kampando kake ka khushoni. Ogwada tinali ife.”

“Bwanji simunandiuze?”

“Unandifunsa?” Anafwenthera fodya, n'kuseka mpaka kutsamwa. “Koma unatuluka bwino pabwalo paja, usanamire. Chiuno chimenecho ndi changa.”

Ndinamasula zovala kwa a Dona Rozita nyengo zingapo za mvula ndisanakhudze makina. M'mulu uja ndinakumana ndi madiresi a mibadwo yonse: a mapewa oikamo thonje ngati a asilikali, a m'chiuno motsika mpaka m'matako, ena aafupi oti kutsidya nthawi ija akanakugwira nawo apolisi, ena a mabatani ambiri kumsana oti mwini wake sakanavala popanda wantchito. Chovala ukachimasula chimakuuza moyo wa mwini wake, ngati ankasenza, ngati ankayamwitsa, ngati ankathamangira basi kapena ankangoima pakhonde kudikira tiyi. Tsiku lina ndinapezamo ngakhale andiloko ya ukonde ija, yothothoka, ndipo ndinapita nayo kwa anganga. Anaigwira nthawi yaitali, kenako anati ya Senyora inali yabwino kuposa imeneyo.

Lero ndili ndi makina anga pamsika wa ku Milange, ndipo aliyense wobwera kudzasoketsa ndimamufunsa kaye kuti, “Kumene mukupitako mukakhala pampando kapena pamphasa?” Atsikana amadabwa, koma amayi awo amandimvetsa. Mungati ndinaphunzira.

Komatu mwezi wathawu kunabwera mwana wamkazi wa Jasinta ndi chithunzi pafoni, diresi la ukwati lotambasuka ngati belu. Ndinamufunsa ngati adzagwadire apongozi polandira mphatso. Anati inde. Ndinamulangiza ngati munthu wamkulu kuti tichepetse m'munsimo, iye anavomera, ndipo tinagwirizana bwinobwino. Atangochoka ndinayala nsalu patebulo, dzuwa la masana n'kugwerapo, ndipo sindikudziwa chimene chinachitika ndi lumo langa. Diresilo latuluka lalikulu kuposa la pachithunzi. Mwanayo ndamuuza kuti nsalu inatsala yambiri ndipo kutaya n'kulakwa. Pa ukwatiwo ndikakhala mzere wakutsogolo, nditamanga zitenje ziwiri.